Lilime la Philomela: oimba amakono ndi akazi a m'nthano za Agiriki

Nthano imati Tereus, mfumu ya ku Thrace, anakwatira Procne, mwana wa mfumu ya ku Athens. Patapita zaka zisanu mkaziyo anapukwa mng'ono wake Philomela, ndipo anapempha mwamuna wake kuti akamutenge adzacheze. Tereus anapitadi, koma pobwerera sanafike naye pakhomo mlamu wakeyo. Anamulowetsa m'kanyumba ka m'nkhalango n'kumugwiririra. Mtsikanayo atalumbira kuti adzaulula, ngakhale kuuza mitengo ndi miyala anthu akasowa, Tereus anasolola lupanga n'kumudula lilime. Kwa mkazi wake anakanena kuti mng'ono wako watisiya.

Chaka chinatha Philomela ali chitsekeredwe. Kenako anatenga ulusi wofiira n'kuomba nsalu yoyera, nalembapo zonse zimene zinamuchitikira, n'kuitumiza kwa mkulu wake. Procne ataifunyulula sanalire. Anakamutulutsa mng'ono wakeyo, ndipo awiriwo anapha Itys, mwana wa Procne yemwe ndi Tereus, n'kumuphikira bamboyo. Tereus atazindikira chimene wadya anawathamangitsa ndi lupanga, ndipo onse atatu anasanduka mbalame.

Nthanoyi timaidziwa bwino kudzera mwa Ovid, mlakatuli wa ku Roma. Sophocles anali atalembapo kale sewero lake, koma linatayika, patsala tizidutswa. Kachidutswa kena anakasunga Aristotle, ndipo kamatchula nsalu ija kuti ndi mawu a kamtengo koombera nsalu. Amene anakulira kumudzi sangadabwe nazo. Mayi amene sangayankhe mwamuna kapena apongozi pamaso amakaziimba pamtondo, musi ukugunda, mudzi wonse n'kumva chimene chikumudya mtima.

Tsono funso limene lasautsa opeka nyimbo ndi anthu a zisudzo kwa zaka zoposa 70 ndi ili: munthu wodulidwa lilime mungamuimbire bwanji? Mukamupatsa nyimbo yokoma yotsetsereka bwino, mwanama, chifukwa chimene anamulanda ndi mawu omwewo. Nyimbo zachilendo zimene ndikufuna kufotokoza pano, zokhala ndi kukuwa, kunong'ona, matepi ndi makina, zinabadwa poyesa kuyankha funso limeneli mosabisa.

Tiyambe taona kumene nthanozi zinkaseweredwa. Ku Athens, zaka zoposa 400 Khristu asanabadwe, chaka ndi chaka kunkachitika chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, ndipo olemba masewero ankapikisana m'bwalo lapamtetete m'munsi mwa Acropolis. Masewero amene anapulumuka ali ndi akazi akuthwa pakamwa: Clytemnestra wa Aeschylus mu 458 BC, Medea wa Euripides mu 431 BC, Antigone wa Sophocles. Koma pabwalopo sipankasewera mkazi ndi mmodzi yemwe. Olemba anali amuna, osewera anali amuna atavala zigoba kumaso, kwaya nayonso inali ya amuna, ngakhale pamene inkaimira akazi amasiye a ku Troy.

Kunja kwa bwalolo zinthu zinali zolimba kuposa apo. Kumayambiriro kwa Odyssey, ndakatulo yaitali ya Homer, Telemachus, mnyamata wongosinkhuka kumene, amauza mayi ake Penelope kuti abwerere kuchipinda akaombe nsalu, poti kuyankhula pagulu ndi kwa amuna. Pericles, mtsogoleri wa ku Athens, polira asilikali ofa pankhondo chaka chomwecho chimene Medea anaonetsedwa, anauza akazi amasiye kuti ulemu wawo waukulu ndi kusatchulidwa n'komwe pakati pa amuna, kaya pa zabwino kaya pa zoipa. Ngakhale kulira maliro, ntchito imene inali ya akazi kuyambira kalekale, kunaikidwa malire. Wolemba mbiri Plutarch akuti malamulo amene Solon anaika ku Athens analetsa kudzikanda kumaso, kuimba nyimbo za maliro zopekeratu, ndi kulira munthu wina pa maliro a wina. Akatswiri ena amaona kuti kulira kumene kunachepetsedwa pamanda n'kumene kunakatulukira m'bwalo la zisudzo, koma tsopano kuli m'khosi mwa amuna. Ine ndimagwirizana nawo.

Pali chinanso. Masewerowa ankaimbidwa ndi kuvinidwa motsatana ndi aulos, chitoliro cha mipope iwiri. Mawu ake anatsala pamapepala, koma maimbidwe ake anapita. Chotsala ndi tizidutswa monga kachigamba ka gumbwa kosungidwa ku Vienna, kokhala ndi mizere yochepa ya nyimbo ya mu Orestes wa Euripides. Anthu a ku Florence ku Italy, poyesa kuukitsa maimbidwe otayikawo, ndiwo anayambitsa opera, sewero loimbidwa, ndipo opera yakale kwambiri imene idakalipo, ya Jacopo Peri ya mu 1600, ili ndi dzina la mkazi wa m'nthano za Agiriki, Euridice. Kuchokera pamenepo akazi anayamba kudziimbira okha, koma kawirikawiri ankaimba mokoma uku akusiyidwa kapena akufa. Opera ndimaikonda, komabe ndimaona vuto lake: kukoma kwa mawu kumatha kumuiwalitsa womvera kuti pakuchitika nkhanza. Amawomba m'manja, n'kupita kwawo mtima uli m'malo.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, opeka nyimbo ambiri anasiya kukhulupirira kukoma kotereku. Anayamba kutenga phokoso lililonse ngati chopangira nyimbo: mpweya wotuluka m'mphuno, kukuwa, kugogoda thabwa, mawu ojambulidwa n'kuwaduladula ndi lumo patepi. Ndisanapitirire ndinene kuti mmodzi mwa oyambitsa luso limeneli anali wa kuno ku Africa. Mu 1944 ku Cairo, Halim El-Dabh anajambula amayi akuimba pamwambo wa zaar, wochiritsa ogwidwa ndi mizimu, pamakina ojambulira pawaya, kenako n'kuwasanduliza mawuwo mu situdiyo. Nyimbo imeneyo imawerengedwa m'gulu la nyimbo zoyambirira zopangidwa ndi makina amagetsi, ndipo gwero lake ndi mawu a akazi. El-Dabh yemweyo ndiye anadzapeka nyimbo za Clytemnestra, gule wa usiku wonse wa mu 1958 wa Martha Graham, katswiri wovina wa ku America, mmene Graham mwiniwakeyo anavina ngati Clytemnestra ali ndi zaka 63. Graham ndiye anaphunzitsa ambiri kutembenuza nthano kuti ioneke kuchokera kwa mkazi. Mu Night Journey wa mu 1947, nkhani ya Oedipus imayambira pa mayi ake Jocasta, amene iye anawakwatira mosadziwa, chingwe chodzimangirira chili m'manja, akukumbukira zonse.

Tibwerere kwa Philomela. Mu 1964 Milton Babbitt wa ku America anapeka Philomel, kupekera woimba Bethany Beardslee, mawu ake atalemba mlakatuli John Hollander. Babbitt ankadziwika ngati wopeka nyimbo za masamu, zozizira, zovuta kuzitsata. Ankagwira ntchito ndi RCA Mark II, chimakina chopangira nyimbo (synthesizer) chodzaza chipinda chonse ku Columbia-Princeton Electronic Music Center ku New York. Chimakinacho sichinkaimbidwa ndi zala ngati piyano. Munthu ankaboola timabowo pampukutu wa pepala kuti achiuze liwu lililonse, kutalika kwake ndi kukwera kwake.

Pasiteji pamaima mkazi mmodzi yekha. Palibe gulu la zoimbira, pali masipika basi. M'masipikamo mumatuluka phokoso la makina lija pamodzi ndi mawu a Beardslee ojambulidwa kale, ena osandulizidwa mpaka kusamveka ngati a munthu. Hollander anasankha kamphindi kamene Ovid amangodutsapo mofulumira: Philomela akuthawa m'nkhalango, thupi likusanduka, mawu akubwerera koma ali a mbalame. Nyimboyo imayamba ndi kaliwu kamodzi kotalika, "iii", kamene kali m'dzina la Tereus monga Angelezi amalitchulira. Woimbayo amachita ngati wachibwibwi, amagwira theka la liwu n'kulitaya. M'mayina a Tereus ndi Philomela, Hollander anatulutsamo mawu achingelezi otanthauza mitengo, misozi ndi kumva m'thupi, moti mtsikanayo akafuna kutchula mtengo, dzina la womugwirira lija limamutulukira pakamwa. M'gawo lachiwiri amafunsa mbalame za m'nkhalango, ndipo zimamuyankha ndi mawu ake omwe kuchokera patepi. Ndi m'gawo lachitatu mokha mmene amaimba ndime zathunthu.

Nditaimva koyamba ndinaizimitsa pasanathe mphindi zitatu, chifukwa khutu langa linkafuna poponda ndipo silinkapapeza. Nditabwereranso ndinamva chinthu chimene chandikhala mumtima mpaka lero. Tepi sidikira munthu. Woimba akakhala ndi woliza piyano, mnzakeyo amamudikira akamakoka mpweya, koma tepi imangopita. Mkazi ali pasitejiyo amathamangitsidwadi kwa mphindi pafupifupi 20, ndipo chomuthamangitsa ndi mawu ake omwe amene anachotsedwa m'thupi mwake. Sindikudziwa njira ina imene ikanaonetsa bwino chonchi kudulidwa kwa lilime popanda kuonetsa magazi.

Mnzake wa Philomela ndi Cassandra, mwana wa mfumu ya ku Troy. Mulungu Apollo anamupatsa mphatso yolosera, koma mtsikanayo atamukana chibwenzi anamutemberera kuti pasadzapezeke womukhulupirira. Akuluakulu athu anati wamisala anaona nkhondo, ndipo Cassandra ndi ameneyo. M'sewero la Agamemnon la Aeschylus amafika ali kapolo pagaleta la mfumu yogonjetsa kwawo, n'kukhala chete kwa mizere pafupifupi 300. Clytemnestra, mkazi wa mfumuyo, amamunena kuti mwina amangolira ngati namzeze, chiyankhulo chachilendo. Akatsegula pakamwa, choyamba kutuluka ndi mfuu: otototoi popoi da. Kenako amanunkhiza magazi m'nyumbamo, amaona ana amene anaphedweramo kale, amaona ukonde ndi bafa mmene mfumu ifere, amaonanso imfa yake. Nkhalamba za m'kwaya zimamufanizira ndi mbalame yoimba usiku yolira Itys, mwana uja anaphikidwa, ndipo zimapitiriza kunena kuti sizikumumvetsa. Iye amatsika n'kulowa m'nyumbamo akudziwa.

Wopeka nyimbo Iannis Xenakis anali munthu woidziwa nkhondo pathupi. Anali injiniya wachigiriki, ndipo pa nkhondo ya m'misewu ya Athens kumayambiriro kwa 1945 chidutswa cha bomba chinamuphwanya nkhope n'kumuchotsa diso lakumanzere. Anathawira ku France mu 1947, ndipo kwawo anamugamula kuti aphedwe. Nyimbo zake za Oresteia, masewero atatu a Aeschylus oyamba ndi Agamemnon uja, anazipeka chapakati pa zaka za m'ma 1960, koma gawo la Kassandra analiwonjezera mu 1987, pamene sewerolo linaonetsedwa ku Gibellina ku Sicily, tawuni imene chivomezi chinaigwetsa mu 1968. Gawoli ndi la anthu awiri okha: woimba ng'oma, ndi woimba mmodzi wa mawu, amene amakodolanso kachoimbira ka zingwe kofanana ndi bangwe. Woimbayo anali mwamuna, Spyros Sakkas. Amaimba Cassandra ndi mawu aang'ono okwera kwambiri, otsetsereka ndi kunjenjemera, kenako mwadzidzidzi n'kugwera pansi pa mawu abesi n'kukhala nkhalamba zija. Wolosera ndi omukana onse ali m'khosi limodzi.

Apa anthu amagawikana, ndipo nanenso mtima wanga uli pawiri. Xenakis anachita zimene ankachita ku Athens, koma anachotsa chigoba, moti umamva ndi makutu ako kukakamizika kwa khosi la mwamuna pofuna kufika pamene pali mkazi. Zimenezo ndi zoona zimene sewero lakale linkabisa. Komabe zikatha zonse, Cassandra wayankhulidwanso ndi mwamuna, patatha zaka zoposa 2,400.

Akazi enieni atayamba kupeka okha nyimbo zoterezi, zinthu zinasintha. Ku La MaMa, kanyumba ka zisudzo kamene Ellen Stewart anakhazikitsa ku New York mu 1961, Elizabeth Swados, ali ndi zaka pafupifupi 21, anagwirizana ndi Andrei Serban wa ku Romania kupanga Medea mu 1972, kenako Electra, kenako The Trojan Women mu 1974. Chingelezi anachisiya dala. Medea anaseweredwa m'Chigiriki chakale ndi m'Chilatini, ndipo m'sewero la akazi a ku Troy anasakanizamo ziyankhulo zina zakutali, pamodzi ndi kubuula, kufuula ndi ng'oma. Oonera sankangokhala pamipando. Ankayendetsedwa m'chipindamo pakati pa asilikali ndi akaidi, ngati nawonso agwidwa mumzinda wogonjawo. Ganizo lake linali loti chisoni chimamveka m'thupi munthu asanamve tanthauzo la mawu. Aliyense amene anadzidzimutsidwapo usiku ndi mfuu ya maliro kuchokera kutsidya kwa dambo akudziwa kuti n'zoona: sumva dzina la womwalira, koma umadziwa kuti kwagwa zovuta. M'zaka za m'ma 2010 a La MaMa anakagwira sewero lomweli ndi anthu a zisudzo a ku Guatemala, Cambodia ndi Kosovo, maiko amene akudziwa bwino zimene zimawagwera akazi nkhondo ikatha.

Koma pali chitsutso chimene sindingachilambalale, ndipo n'chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala yovuta. Amuna a ku Athens ankanena kale kuti mawu a mkazi ndi phokoso, kulira kwa namzeze, chinthu chopanda nzeru. Tsono ngati waluso wamakono akumupatsa mkaziyo kukuwa kokhakokha ndi zidutswa za mawu, kodi sakuwathirira mang'ombe amuna aja? Munthu wochitiridwa nkhanza amafunanso kufotokoza mwatsatanetsatane, kutchula dzina la wolakwa, tsiku ndi malo, n'kumveka. Nsalu ya Philomela inali umboni wowerengeka, ndipo Procne anauwerenga n'kuumvetsa.

Ena anayankha potenga njira ina. Christa Wolf, wolemba wa ku East Germany, anatulutsa buku lake la Kassandra mu 1983, mmene wolosera uja amafotokoza yekha, modekha, mmene mzinda umadzinamizira polowa m'nkhondo. Michael Jarrell wa ku Switzerland analisandutsa sewero la nyimbo limene linaonetsedwa ku Paris mu 1994, ndipo mmenemo Cassandra saimba n'komwe. Mkazi mmodzi amangoyankhula, zoimbira ndi makina zikumuzungulira. Kwa ine, kukana kuimba kumeneku n'kolimba mtima mofanana ndi kukuwa kwa Xenakis.

Kate Soper, wopeka ndi woimba wa ku America wobadwa mu 1981, anapita patsogolo mwa njira yake mu Here Be Sirens wa mu 2014. Ma Siren ndi akazi aja a pachisumbu amene nyimbo yawo inkakopa amalinyero mpaka kufa. Pazojambula zakale za Agiriki ndi mbalame za mitu ya akazi. Mu Odyssey timawamva kuchokera m'ngalawa, anyamata atatseka makutu ndi phula, Odysseus atamangidwa pamlongoti. Soper anatiika pachisumbupo. Akazi atatu ali ndi piyano imodzi imene amaiimba onse, nthawi zina akugwira zingwe zake zam'kati ndi manja. Ngalawa ikaoneka amaimba, ikamira amatsalanso okha. Mmodzi wa iwo, Polyxo, amawerenga mabuku amene anthu analemba za iwo, kufunafuna kumene anachokera ndi njira yotulukira m'nthanoyo. Apa mkazi wa m'nthano akuganiza, akutsutsa, akuseketsa, ndipo kukuwa kukabwera kumabwera pa nthawi imene iye wasankha. Ndimaona kuti ndi pamenepa pamene lusoli linakhwima.

Chitsanzo chimene chimandigwira kwambiri ndi cha pafupi nafe. Yaël Farber wa ku South Africa anatenga Oresteia n'kupanga Molora, liwu lachisutu lotanthauza phulusa, ndipo sewerolo linafika mpaka ku nyumba ya zisudzo ya Barbican ku London mu 2008. Kuti muone kulemera kwa zimene anachita, muyenera kudziwa mathero a Aeschylus. Clytemnestra anapha mwamuna wake Agamemnon chifukwa mwamunayo anapereka nsembe mwana wawo wamkazi Iphigenia kuti ngalawa zankhondo zipeze mphepo. Orestes, mwana wamwamuna, anapha mayi ake pobwezera. Mlandu utafika pabwalo ku Athens, Apollo ananena kuti mayi si kholo lenileni, amangosunga mbewu ya mwamuna, ndipo Athena anaponya voti yomasula Orestes. Milungu yaikazi yolipsira magazi a mayiyo inanyengereredwa n'kupatsidwa malo pansi pa nthaka. Anthu a mbumba, amene mwana amatsata kuchikazi, angaone okha kukula kwa chigamulo chimenecho.

Farber anaika nkhaniyi m'maonekedwe a misonkhano ya Truth and Reconciliation Commission, komiti yofufuza nkhanza za nthawi ya tsankho ku South Africa, imene inayamba kumva maumboni mu 1996. Pali matebulo ndi maikolofoni. Klytemnestra ndi mzungu, Elektra ndi Orestes ndi akuda, ndipo mayiyo amazunza Elektra pomuveka thumba lonyowa kumutu, monga mmene wapolisi wina wa nthawi ya tsankho anaonetsera pamaso pa komitiyo. Mawu ofotokoza alipo, omveka bwino, ndipo kulira nakonso kulipo. Kwaya yake ndi a Ngqoko Cultural Group a ku Eastern Cape, ambiri mwa iwo amayi achikulire Achixhosa atafunda mabulangete, oimba umngqokolo. M'maimbidwe amenewa mayi amatulutsa liwu lakuya lokhakhala kuchokera pansi pa khosi, ndipo pamwamba pake pamamveka kanyimbo kena kopyapyala ngati mluzu, mawu awiri nthawi imodzi m'kamwa limodzi. Chimene ena anachifunafuna ndi matepi ndi makina odzaza chipinda, amayiwa anachiphunzira kwa amayi anzawo kumudzi.

Kwaya ya ku Athens inkangoyang'ana anthu akuphana, n'kumadandaula pambali. Mu Molora, Orestes amalephera kupha mayi ake, ndipo Elektra amatola nkhwangwa n'kuthamangira yekha. Amayi a kwaya aja amadzuka pamipando yawo, amamugwira, amamulanda nkhwangwayo, n'kumufungatira mpaka ukali wake utasanduka misozi. Klytemnestra amatsala wamoyo. Kenako phulusa limayamba kugwa pang'onopang'ono kuchokera kumwamba, pa mayi, pa ana ake, ndi pa oimbawo.